Mathiranki a Aphunzitsi Nakhumwa

Ana anga, za ubwana wanga sindilemba, chifukwa palibe chimene ndinachita choposa kutunga madzi ndi kuthamangitsa mbuzi m'munda wa nandolo, ndipo zimenezo inunso munazichita, ngakhale monyinyirika. Ndiyambira pamene ndinayamba ntchito. Mwa zonse zimene ndinaona pa utaipisiti wanga, ndasankha nkhani ya thiranki lobiriwira lija ndi makatoni amene ali kuchipinda kwanga, omwe mumadandaula nawo chaka chilichonse pa Khirisimasi kuti akudya malo ogona adzukulu anga. Ndikufuna mudziwe mmene anafikira pamenepo, kuti tsiku lina musadzawachite zimene eni ake oyamba anawachita.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980

Nditamaliza maphunziro a kutayipa ku Blantyre, ananditumiza pa sukulu ina ya sekondale kwathu konkuno ku Chiradzulu. Ofesi yanga inali kachipinda kosungiramo choko, ndipo taipilaita imene ndinaipeza inali yachikulire kuposa ine. Chilembo cha "e" chinkatuluka chopendekeka ngati munthu wosenza mtolo, ndipo amisiri onse amene anabwera analephera kuchiwongola. Ahedi a nthawi imeneyo anali munthu wabwino pa zambiri, koma pa riboni anali ndi dzanja louma. Ankaikiyira m'dirowa, ndipo ndikakapempha yatsopano ankayamba aunika yakaleyo padzuwa, kenako n'kunena kuti, "Iyi ikadali ndi moyo, mtsikana, itembenuze." Ndinaphunzira kutembenuza riboni, kuidontheza palafini pang'ono kuti inki idzuke, ndi kugwiritsa ntchito kaboni mpaka itabooka. Inu amene mumangodina batani pepala n'kutuluka simungamvetse, ndipo sindikukakamizani.

Pa sukulu imeneyo ndi pamene ndinakumana ndi aphunzitsi a Nakhumwa, amene ankaphunzitsa mbiri yakale. Anali aatali, owonda, a jekete imodzi yomweyo chilimwe ndi dzinja. Tsiku loyamba ndinawapititsira mayeso amene ndinawatayipira, ndipo monga mwana woleredwa bwino ndinagwada powapatsa. Iwo anadzidzimuka ngati ndawathira madzi ozizira. "Imirirani, mayi, imirirani," anatero. "Maondo amenewo ndi opempherera kutchalitchi. Pano tonse ndife aganyu, inu ndi ine, kusiyana kwake n'kwakuti ine ndimagwira choko." Palibe munthu wamkulu anali atanditchulapo kuti mayi, ndipo ndinatuluka ndikuganiza kuti mwina mutu wawo sunkayenda bwino.

Aphunzitsi ena ankawazemba. Mphekesera inali yakuti kale ankaphunzitsa pa koleji ina m'tauni, ndipo anawachotsako chifukwa ankauza ophunzira kuti ogwira ntchito ayenera kukhala ndi mabungwe awoawo, osati osankhiridwa ndi mabwana. M'masiku a chipani chimodzi amenewo, mawu otere munthu ankawanena atayang'ana kumbuyo kaye. Anthu a m'midzi okha ndi amene sankawaopa. Loweruka lililonse ankakwera njinga ndi kope m'thumba kupita ku Magomero, ku Likoswe ndi kwina konse kumene anamva kuti kuli nkhalamba imene inagwirapo ntchito kwa azungu, ndipo chifukwa funso lawo loyamba linali la thangata, ntchito yokakamiza ija imene makolo athu ankagwira pa esiteti kulipirira malo okhala, anthu anangowapatsa dzina loti a Thangata. Iwo ankalikonda dzinalo kuposa lawo lenileni.

Tsiku lina ahedi atapita ku boma, anandibweretsera makope awiri n'kundifunsa ngati ndingawatayipire pa nthawi yanga yopuma, riboni agula okha. Ndinawafunsa ngati zolembazo sizingandimangitse. Anandiyankha moona, ndipo ndimawalemekezabe chifukwa cha zimenezo. "Sindingakulonjezeni kuti ayi. Koma tamverani. Mbiri ya dziko lino inalembedwa ndi anthu amene ankakhala pamthunzi. Ine ndikufuna ya amene anali padzuwa. Aliyense akabwera ku Magomero amafunsa za tsiku limodzi lija la nkhondo yolimbana ndi azungu, palibe amafunsa za masiku ena onse amene anthu ankangodzuka n'kukasenza fodya." Ndinavomera, osati chifukwa cha kulimba mtima ayi, koma chifukwa cha riboni yatsopanoyo, imene ndinkailakalaka ngati nyama.

Anali ndi lamulo limodzi: ndikatha tsamba ndiziliwerenga mokweza, iwo akutsatira m'kope. Nthawi ina ndinatayipa mawu a gogo wina amene ankasakaniza Chinyanja ndi Chilomwe, ndipo ndinawakonza kuti amveke ngati Chichewa cha m'kalasi. Nditawerenga, a Thangata anavula magalasi n'kundiyang'ana mwachisoni. "Mayi, munthu uyu anamulanda thukuta lake. Ife timulandenso mawu?" Ndinatayipanso tsamba lonselo, ndipo kuyambira pamenepo sindinakongoletserenso munthu mawu, ngakhale atakhala otukwana kapitawo. Kwa zaka zambiri zala zanga zinadutsa m'miyoyo ya amayi osankha fodya, azibambo amene anapita kumigodi ku Joni n'kubwera ndi chifuwa, othyola tiyi, ndi a njanji a ku Limbe amene anachitapo sitiraka. Chilichonse ankachiika m'mathiranki, mabokosi achitsulo aja amene ana ankapita nawo ku sekondale, thiranki lililonse ndi mtundu wake wa ntchito.

Zaka za m'ma 1990

Matipate atabwera mantha anatha, ndipo anthu omwe aja amene ankawazemba anayamba kuwapatsa moni ali kutali. Aliyense ankawauza kuti tsopano atulutse buku. Iwo ankayankha chimodzimodzi chaka ndi chaka: "Pali nkhalamba ina ku Likoswe sindinaione." Akaiona imeneyo, inkawauza za inzake. Ine ndinkawaseka kuti zengerezu analinda kwawukwawu, iwo n'kumaseka nane, koma buku silinatuluke. Atapuma ntchito anakhala kwa akazi awo pafupi ndi Mbulumbuzi, monga mkamwini aliyense, pamene abale awo enieni anali ku Magomero. Ine ndinali nditakwatiwa ndi bambo anu, amene ankasoka pa khonde la sitolo ina pamsika pomwepo, ndipo inu awiri oyamba munali mutabadwa.

Tsiku lina ndinawapeza akutsokomola, atakhala pa limodzi la mathirankiwo, ndipo ndinafunsa funso limene linkandidya. "Aphunzitsi, pepani kulankhula za imfa kwa munthu wamoyo, koma mapepalawa adzapita kuti? Bwanji osalemba wilo?" Anaseka mpaka chifuwa chinawagwiranso. "Wilo ndi ya anthu a katundu, mayi. Ine ndili ndi chiyani? Njinga ndi wailesi. Mapepalawa si anga, ndi a anthu amene anayankhula. Ndingagawe bwanji chinthu chimene sichili changa?" Ndinati, "Nanga abale anu akudziwa kuti si anu?" Anangogwedeza dzanja n'kunena kuti ndi a anthu, adzapita kwa anthu. Anali munthu wanzeru kwambiri amene ndinamudziwapo, koma pa nkhani iyi anaganiza ngati mwana, ndipo ndikunena izi ndi chikondi.

Chaka chimene a Thangata anamwalira

Anamwalira m'chilimwe, mango asanapse. Maliro anali aakulu, kunabwera nkhalamba zina zimene sindinkadziwa kuti zikadali ndi moyo, zina zitakwezedwa panjinga ngati matumba. Patapita masiku, pa tsiku lometa, abale a ku Magomero anabwera kudzagawa katundu wa malemu monga mwa mwambo. Wotsogolera anali a Dankeni, mwana wa mlongo wawo wa malemuwo, amene tsopano anali mwini mbumba. Anali munthu wamfupi, wosaseka wamba, mlimi weniweni wa manja olimba. Ndisawanamizire, anagawa mwachilungamo. Jekete inapita uku, njinga uko, wailesi anasiyira amayi a kunyumba kwa malemuwo. Atafika pa mathiranki anati, "Awa ndiwo katundu weniweni wa amalume. Kuti pasakhale wodandaula, nyumba iliyonse itenge limodzi." Anthu anavomereza ndi mitu, chifukwa thiranki lachitsulo ndi chinthu chabwino, mbewa sizilowa, ndipo zimene zinali m'katimo palibe anazifunsa.

Ine ndinali kumbali ndi amayi anzanga, titamaliza kutsuka mbale. Pa kagawidwe ka katundu wa malemu munthu wosakhala mbale alibe pakamwa, ngakhale atakhala kuti anatayipa tsamba lililonse. Ndinasendera kwa amayi a kunyumba n'kuwanong'oneza kuti anene kanthu. Anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Achemwali, ine pano ndikudikira kusudzulidwa. Ndikangotsegula pakamwa adzati ndikukanirira katundu wa eni." Anali ndi zifukwa zawo ndipo sindinawaimbe mlandu. Ndinangoyang'ana mathirankiwo akumangidwa panjinga, lina likulowera ku Likoswe, ena ku Magomero, lina likutsalira kufupi ndi msika, ndipo ndinabwerera kunyumba ndili ngati ndaika maliro kachiwiri.

Patapita masabata angapo ndinagula zitumbuwa pamsika wa Mbulumbuzi kuti ndikubweretsereni. Ndili m'njira ndinaona kuti pepala lokulungiralo lili ndi zilembo za taipilaita, ndipo "e" aliyense anali wopendekeka. Ndinaima pakati pamsewu, wanjinga wina mpaka anandikalipira. Mafuta anali atalowerera, koma ndinatha kuwerenga: anali mawu a munthu wa njanji akufotokoza mmene anagwirizanirana kusiya ntchito. Ndinabwerera kwa wogulitsayo, Abiti Juma, mayi wachisilamu amene anakwatiwa ndi msuweni wawo wa a Thangata, ndipo ndinaona mulu wonse uli pambali pa dengu, atautsamiritsa ndi mwala.

"Abiti Juma, mapepala awa mwawatenga kuti?"

"M'thiranki la malemu lija. Ndi abwino, achemwali, samwa mafuta msanga ngati nyuzipepala. Bwanji, mwapezamo tsitsi?"

Ndinakhala pansi n'kuwafotokozera zonse. Anamvetsera akuthamangitsa ntchentche, ndipo nkhope yawo inagwa. Anati sankadziwa, iwo sukulu sanapite, ankayesa ndi za mayeso akale. Koma nditapempha kuti andipatse otsalawo anakayika. Mudziwe, ana anga, kuti kwathu kuno chimene munthu walandira pa kagawidwe ka malemu sichibwezedwa ndipo sichipemphedwa. Kutero n'kunyoza amene anagawa, ndipo ena amati n'kuvutitsa malemu kumene agona. Kenako Abiti Juma anaseka. "Komatu ine chimene anandipatsa pa gulu paja ndi thiranki. Za mapepala palibe anatchula. Ine ndikufuna chokulungira basi. Mukandibweretsera ena, awa tengani, tisinthane pepala kwa pepala." Nzeru imeneyo inali yawo, osati yanga, ndipo ndikufuna ilembedwe choncho.

Mwezi womwewo ahedi atsopano, amene anali mayi, anandiitana n'kundiuza akumwetulira kuti ndakwezedwa, ndikakhale mlembi wa bwana wina ku Lilongwe, ndipo ndinyamuke mwezi usanathe. Chinali chinthu chimene ndinachiyembekezera kwa zaka zambiri. Bambo anu atamva anayamba kale kuwerengera masuti amene adzasokere anthu a ku likulu. Koma mvula inali pafupi, ndipo ndinkadziwa kuti mapepala amene apulumuke zitumbuwa adzadyedwa ndi chinyezi ndi chiswe. Ndinkadziwanso kuti padziko lonse lapansi amene ankadziwa zimene zinali m'mathirankimo ndinali ine ndekha. Nditawauza maganizo anga, bambo anu anaimitsa makina n'kunena kuti, "Amake Chikondi, anthu amene anayankhula m'mapepalamo anafa. Amene analemba anafa. Ana athu ndi amoyo. Mukusankha ati?"  Ndinangoti, "Lilongwe idzakhalapo chaka chamawa, mapepalawa sadzakhalapo." Ndinapita kwa ahedi n'kukana. Lilongwe inakhalapodi chaka chotsatira, koma sanandiitanenso, ndipo ndinapuma ntchito ndili pa mpando womwewo umene ndinayambira. Zinandiwawa, makamaka anzanga amene anapita akabwera ndi ana awo olankhula Chingerezi chosalala. Bambo anu anakhala masiku ambiri akundiyankha ndi mutu wokha, koma ndi iwo omwe amene anandikonzera keriyala ya njinga.

Dzinja lotsatira

Ahedi anandilola kutenga mapepala a mayeso akale amene ankayembekezera kutenthedwa, ndipo Loweruka lililonse ndinkamanga mtolo panjinga n'kuyenda njira zomwe zija zimene a Thangata ankayenda. Kwa Abiti Juma ndinapulumutsa zoposa theka. Ku Likoswe ndinapeza bambo wina akupichirira fodya wa chingambwe m'mawu a othyola tiyi. Anavomera kusinthana, koma nditadutsanso ulendo wina anandidandaulira kuti, "Mayi, mapepala a ana olepherawa amawawa pakhosi, aja a amalume anali ofewa." Kunyumba ina anali atamata nawo mazenera osweka, ndinachita kuwamatula ndi mpeni. Kwina sindinapeze kanthu, ndipo sindinafunse kumene anapita chifukwa ndinaona njira ya kuchimbudzi. Pang'onopang'ono makatoni anayamba kudzaza kuchipinda kwathu.

Linatsala thiranki limodzi, lobiriwira, limene munali nkhani zonse za thangata wa ku Magomero, zakale kwambiri, za anthu amene anamwalira ine ndisanayambe n'komwe ntchito. Limeneli linali kwa a Dankeni eniake. Ndinawapeza pakhonde akusema mpini, ndipo atandipatsa moni ndi mpando, ndinafotokoza chimene ndinadzera. Anali atamva kale, poti nkhani za mayi woyenda ndi mapepala panjinga zinali paliponse.

"Mayi, ine sindiphika zitumbuwa ndipo fodya sindisuta," anatero. "Mapepala anuwo bwererani nawo."

"Nanga a m'thirankimo mukuwasungiranji, bambo, poti simuwawerenga?"

Anaika mpini pansi. "Ndikuuzeni. Ine ndinali mwana wanzeru m'kalasi. Amene ankandilipirira sukulu anali amalume. Atawachotsa ku koleji chifukwa cha pakamwa pawo, sukulu yanga inathera pomwepo, ndinabwerera ku khasu. Atabwera kuno sanandipepese. Ankadutsa pakhomo pano ndi njinga kupita kwa nkhalamba za eni. Amalume ankadziwa dzina la kapitawo aliyense amene anakhalapo ku Magomero kuno, koma mayina a ana anga sankawadziwa. Chimene anandisiyira ndi ichi. Ndipo wogawa ndinali ine. Ndikatulutsa changa, mawa aliyense adzati kagawidwe kanali kolakwika."

Sindinatsutse, chifukwa zimene ananena zinali zoona, ndipo ine ndinali mmodzi wa anthu amene anadya nthawi ya amalume awo. Koma kudzera pachitseko ndinkaliona thirankilo lili pansi penipeni padothi, pangodya pamene denga linkadontha, ndipo mizere ya chiswe inali itakwera kale khoma. Ndinaganiza za Abiti Juma, mmene anapezera kampata m'mwambo popanda kuuthyola, ndipo ndinafunsa kuti, "Bambo, mwambo umaletsa kubweza. Nanga kukopera umaletsa? Nditabwera ndi makina anga n'kumatayipa pakhonde pano, mapepala anu osachoka pakhomo, pali mlandu?" Anatenganso mpini wawo n'kunena kuti khondelo ndi lalikulu.

Sukulu inali italandira kompyuta yake yoyamba, choncho taipilaita yakale ija inalibenso mwini, ndipo ahedi anandibwereka mosavuta. Ndinkaikulunga m'chitenje n'kuimanga pa keriyala, ulendo wa ku Magomero m'matope. A Dankeni ankatulutsa okha mapepala pang'onopang'ono, ndipo ndikamaliza ankawabwezera okha. Chizolowezi sichifa, ndikatha tsamba ndinkaliwerenga mokweza ngakhale panalibenso wotsatira m'kope. Phokoso la makina linakopa anthu. Poyamba ankangoima chapatali, kenako amayi anayamba kubwera ndi malichero awo n'kumapeta pomwepo. Ndikatchula dzina, wina ankafuula kuti, "Amenewo ndi agogo ake a uje!" Ena ankatsutsa kuti chitsime chotchulidwacho sichinali kumeneko, ena ankalira mwakachetechete. A Dankeni ankakhala kumapeto kwa khonde atatifulatira, otanganidwa ndi ntchito ya m'manja imene sinkatha.

Loweruka lina ndinafika pa tsamba limene mayi wina anafotokoza mmene ankasenzera fodya kupita naye ku shedi, ndipo a Thangata anali atalemba mawu a nyimbo imene amayiwo ankaimba panjira. Ndinawerenga monga mmene ndinkawerengera china chilichonse: "Kapitawo, dzuwa lapendeka, mwana kunyumba alibe bere." Ndisanapitirire ndinamva mawu kuchokera kumapeto kwa khonde. "Simwerenga choncho imeneyo." A Dankeni, osatembenuka, anaiimba. Mawu awo anali okalipa ngati a munthu amene sanaimbe kwa zaka, koma nyimboyo inali ndi kanjira kake kotsika kumapeto, kamene pepala silikanatha kusunga. Amayi awiri okalamba anayankha. Atamaliza anangoti, "Amayi ankaimba imeneyo popalira. Ndinkayesa ndi ya m'munda wathu basi." Ine ndinaika tsamba lina m'makina.

Nditabwera sabata yotsatira ndinapeza thirankilo alichotsa pangodya, aliika pamwamba pa njerwa, pansi pake atawaza phulusa.  Ndinatayipa mpaka dzinja linatha ndi nandolo n'kuyamba maluwa, ndipo tsiku lomaliza anandiperekeza mpaka pamsewu akundikankhira njinga. Thirankilo sanandipatse, ine sindinalipemphenso. Akuluakulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma panthawiyo sindinkadikira kanthu, ndinali nditapeza zimene ndinkafuna.

Lero

A Dankeni anamwalira ine nditapuma kale ntchito. Sindinamve msanga, ndipo ndinadziwa pamene wakabaza anafika pakhomo pano ndi thiranki lobiriwira, pambuyo pake pali mwana wawo wamkazi. Anandiuza kuti bambo akewo atayamba kudwala anaitanitsa mbumba yonse n'kunena pamaso pa aliyense kuti, "Zanga zonse mudzagawane, koma thiranki ili lisadzalowe pa kagawidwe. Lidzapite kwa mayi wotayipa uja. Ndanena ndili moyo, wina asadzati sanamve." Nditatsegula ndinapeza tsamba lililonse lili m'malo mwake, louma, lonunkhira phulusa. Ndinalira kuposa mmene ndinalirira pa maliro a a Thangata, ndipo sindichita nazo manyazi. Mlimi uja anachita chimene mphunzitsi wa mbiri anakana kuchita.

Masiku ano nthawi zina kumabwera ophunzira a ku koleji, amakhala pakhonde langa n'kumajambula masamba ndi mafoni awo. Ndimawalola, koma pepala silituluka pageti. Ndalankhulanso ndi anthu amene ntchito yawo ndi kusunga zolembedwa zakale za dziko, ndipo avomera kudzatenga zonse ine ndikadzapita. Chikondi akudziwa kumene angawapeze.

Tsono mverani, nonse atatu, ndi amalume anu amve. Tsiku langa likadzafika, zitenje mudzagawane, mapoto mudzagawane, makina osokera a bambo anu mudzakambirane mwamtendere. Ngakhale thirankilo, wina akalifuna, adzakhuthule atenge, ndi labwino, mbewa sizilowa. Koma mapepala adzapite onse pamodzi, malo amodzi. Ndanena ndili moyo. Wina akadzayamba kukamba zoti nyumba iliyonse itenge katoni yake kuti pasakhale wodandaula, adzatsegule katoni ya a njanji, atenge pepala lapamwamba, la mafuta lija. Limayambira pakati pa mawu, motere: "ndiye tinangokhala pansi panjanjipo, osagwira kanthu, ine mtima uli pa ana anga kuti mawa adya chiyani." Masamba apatsogolo pake, pamene panali dzina la munthuyo ndi mudzi wake, anapita ndi zitumbuwa ndisanafike. Ndinatayipa ndekha dzina limenelo ndi zala izi, ndipo ndayesa kulikumbukira kwa zaka zonsezi, koma lakana. Zina za nkhani yake ndimazikumbukira, koma sindingazilembe, chifukwa akhala mawu anga osati ake. Munthu uja anakhala pansi panjanji kuti amveke, ndipo ife tinamutaya dzina. Mmodzi yekhayo akwanira.